Kalulu Akadakhala Munthu, Akadagwira Ntchito Yanji?

PULOGALAMU YA MAPHUNZIRO PAWAILESI
Olankhula: Wolengeza ndi Wokamba

(NYIMBO YOTSEGULIRA: bangwe alire pang'ono, kenaka atsike)

WOLENGEZA: Pulogalamu ya maphunziro, yokonzedwera makamaka aphunzitsi, makolo ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale, lero ikuunika funso looneka ngati la masewera a ana koma lokhala ndi phindu kwa aliyense amene akusinkhasinkha za ntchito yodzagwira m'tsogolo. Funsolo ndi lakuti nyama za m'nthano za makolo zikadakhala anthu a masiku ano, zikadalembedwa ntchito yanji, ndipo nyama zimene ziyezedwe ndi zitatu, Kalulu, Kamba ndi Nadzikambe.

(NYIMBO IKWERE, KENAKA IZIME)

GAWO LOYAMBA: PHINDU LA FUNSOLI

WOKAMBA: Nthano ndi nkhani yopeka imene imakambidwa pakamwa, kawirikawiri madzulo m'nyengo imene ntchito za kumunda zachepa, ndipo wokamba akatsegula ndi mawu akuti "padangokhala", omvera amavomera kuti "tili tonse" posonyeza kuti akutsatira. Munthu kapena nyama imene imachita zinthu m'nkhani yopeka imatchedwa mpangankhani, ndipo mpangankhani wa m'nthano amasiyana ndi munthu weniweni chifukwa amasenza khalidwe limodzi lokha, lokuzidwa mpaka aliyense kuliona: Kalulu ndi wochenjera, Fisi ndi wadyera, Kamba ndi wodekha, Njovu ndi wamphamvu koma wochedwa kuzindikira. Nthano zimenezi zidayamba kulembedwa kalekale, monga m'buku la nthano ndi nyimbo za Chinyanja limene R. Sutherland Rattray adatulutsa mu 1907, ndiponso m'buku la Land of Fire la Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe la mu 1985, koma kakambidwe kake kamasiyana mudzi ndi mudzi, kotero kuti chimene chifotokozedwe pano ndi thunthu la nthano iliyonse.

Wofunsidwa kuti mpangankhani wotere akadagwira ntchito yanji amakakamizika kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa ayenera kuimvetsa nthanoyo mpaka kudziwa chimene mpangankhaniyo amatha, ndiponso ayenera kuidziwa ntchitoyo mpaka kuzindikira chimene imafuna kwa woigwira. Apa ndi pamene pamaoneka kuti ntchito iliyonse yodalirika imafuna zinthu zitatu. Choyamba ndi luso, ndiko kuti chimene munthu amatha mwachibadwa kapena mozolowera; chachiwiri ndi maphunziro, amene amawongola lusolo; chachitatu ndi udindo woyankha, ndiko kuti kukhalapo kwa anthu kapena bungwe limene lingamufunse wantchitoyo chifukwa chimene wachitira zimene wachita, ndi kumulanga akalakwa. Ampangankhani a m'nthano ali ndi luso lochuluka, koma sadapite kusukulu ndipo ambiri sayankha kwa wina aliyense, n'chifukwa chake kuwayeza ndi ntchito zenizeni kumaonetsa poyera zimene luso palokha silingathe.

Umboni wakuti nkhani yopeka ndi ntchito yeniyeni zimabwerekana nzeru ulipo ku Ulaya. Sherlock Holmes, wofufuza milandu wopeka amene Arthur Conan Doyle adamuonetsa koyamba mu 1887, adaumbidwa potengera Joseph Bell, dokotala wa ku Edinburgh amene adaphunzitsa Doyle ndipo ankadziwika ndi luso lozindikira ntchito ndi kochokera kwa wodwala pongomuyang'ana manja, zovala ndi kayendedwe. Pambuyo pake Edmond Locard, amene adatsegula labotale ya apolisi mumzinda wa Lyon ku France mu 1910, adavomereza kuti nkhani za Holmes zidamulimbikitsa pa ntchito yoyeza fumbi ndi tinthu ting'onoting'ono totsalira pamalo a mlandu. Chotero dokotala weniweni adabala wofufuza wopeka, ndipo wofufuza wopekayo adathandiza kulera ntchito imene apolisi a mayiko ambiri amaigwira lero.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHIWIRI: KALULU PABWALO LA MILANDU

WOKAMBA: Nthano imene imaonetsa bwino luso la Kalulu ndi ya munthu amene adapeza Nyalugwe atagwa m'mbuna, ndiko kuti dzenje lakuya lokumbidwa m'njira ya nyama n'kuvundikiridwa ndi udzu, ndipo atamva kudandaula kwake adamutsitsira chipika kuti akwererepo, koma Nyalugwe atangotuluka adanena kuti njala yamupweteka ndipo amudya womupulumutsayo. Awiriwo adagwirizana zofunsa ena kuti aweruze, ndipo m'makambidwe ambiri oyamba kufunsidwa ndi mtengo wamthunzi ndi ng'ombe yokalamba, amene onse adagamula kuti munthuyo adyedwe, popeza anthu amapumula pamthunzi kenaka n'kudula mtengo womwewo, ndiponso amakama ng'ombe zaka zambiri kenaka n'kuipha ikakalamba. Kalulu atafika adadzionetsa ngati wosamva msanga, adafunsa mobwerezabwereza kuti ndani adali pati, ndipo pomaliza adanena kuti sangaweruze mlandu umene sadaone poyambira pake. Nyalugwe, atatopa ndi kufotokoza, adalumphira m'mbuna muja kuti aonetse m'mene adaliri, ndipo Kalulu adauza munthu uja kuti achotse chipikacho azipita kwawo.

M'nthano yaifupi imeneyi muli mfundo zitatu zimene makhoti amatsatira mpaka lero. Yoyamba ikuoneka pa kulakwa kwa mtengo ndi ng'ombe, amene adaweruza mtundu wonse wa anthu m'malo moweruza munthu mmodzi amene adali patsogolo pawo, chifukwa onse awiri adali ndi mangawa. Lamulo limafuna kuti woweruza amene ali ndi chibale, chidani kapena phindu pa mlandu adzichotsepo kuti wina aumve. Yachiwiri ndi ya mafunso, pakuti mboni ikatha kupereka umboni wake, loya wa mbali inayo amaloledwa kuifunsa mafunso oipanikiza, ndi cholinga chakuti pamene pali bodza kapena kuiwala paonekere, ndipo luso la mafunso otere lagona pa kufunsa zinthu zazing'ono zooneka ngati zopanda pake, monga momwe Kalulu adachitira. Yachitatu ndi yopita pamalo pamene nkhani idachitikira, chimene makhoti amachita akaona kuti mawu okha sakukwanira, ndiponso chimene mafumu ndi nduna zawo akhala akuchita kuyambira kale pa milandu ya minda, pamene bwalo lonse limanyamuka kukayenda m'malire ndi kuona mitengo, zulu ndi mizere imene mbali ziwirizo zikutchula.

Ngakhale zili choncho, Kalulu sakadayenera mpando wa woweruza. Iye adafika atasankha kale mbali, adanamiza mmodzi wa okangana, sadapereke zifukwa za chigamulo chake, ndipo sadasiye mpata wakuti wogonjayo akadandaule kwina. Majisitireti kapena jaji amayenera kumva mbali zonse mofanana ndi kufotokoza zifukwa za chigamulo chake, kuti amene sadakhutire athe kuchita apilo, ndiko kuti kupempha khoti lapamwamba kuti liunikenso mlanduwo, kuchokera kwa majisitireti kupita ku Khoti Lalikulu, ndi kuchokera kumeneko kupita ku Khoti la Suprimu. Luso la Kalulu likuyandikira kwambiri ntchito ya loya, amene amaloledwa kuima mbali imodzi ndi kuigwirira ntchito ndi nzeru zake zonse.

Kufunika kwa munthu woimira wofooka pamaso pa wamphamvu kudaoneka bwino m'mbiri ya Malawi. Kuyambira mu 1969, makhoti amene ankatchedwa Traditional Courts adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu monga ya kupha munthu, ndipo pambuyo pake ya kuukira boma, koma woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera Chirwa, amene onse adali maloya ophunzira bwino, adazengedwa m'khoti lotere popanda wowaimira, adagamulidwa kuti aphedwe mu 1983, ndipo chilangocho chitasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992 pamene Vera adatulutsidwa mu 1993. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 adakonza zimenezi m'ndime 42, imene imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, atengedwe kuti ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndiponso akhale ndi ufulu woimiridwa ndi loya. Pofuna kuti ufuluwu usakhale wa olemera okha, lamulo la mu 2011 lidakhazikitsa Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimira anthu amene sangathe kulipira loya. Munthu wa m'nthano uja, amene adaima yekha pamaso pa Nyalugwe wopanda chomulipira womuthandiza, ndi mtundu weniweni wa munthu amene bungweli lidakhazikitsidwira.

Koma kuti Kalulu afike pa ntchito imeneyi akadayenera kudutsa pa zipata zimene m'nthano amazizemba nthawi zonse. Akadayenera kukhala pansi zaka zingapo kuphunzira malamulo, monga momwe maloya ambiri a m'dziko muno adachitira ku Zomba, pasukulu ya ukachenjede imene kale inkatchedwa Chancellor College. Akadayenera kulumbira pamaso pa Jaji Wamkulu. Akadayenera kukhala membala wa Malawi Law Society ndi kutenga chiphaso chogwirira ntchito chaka ndi chaka. Loya amaletsedwa kunamiza khoti ngakhale bodzalo litakomera womutuma, amayenera kusunga ndalama za omutuma padera osazisakaniza ndi zake, ndipo saloledwa kuimira mbali ziwiri zimene zikukangana. Wophwanya malamulo amenewa akhoza kuimitsidwa kapena kufufutidwa m'kaundula wa maloya.

Pa lamulo loletsa kuimira mbali ziwiri ndi pamene Kalulu akadagwa, ndipo nthano ya chingwe ikuchitira umboni. Kalulu adapita kwa Njovu kukamuuza kuti akhoza kumugonjetsa pokokana chingwe, adapitanso kwa Mvuu kukanena zomwezo, ndipo adapereka nsonga imodzi kwa wa kumtunda, ina kwa wa m'madzi, iye n'kukabisala pakati. Zimphona ziwirizo zidakokana mpaka kulefuka, chilichonse chikuganiza kuti chikulimbana ndi Kalulu, ndipo ulemu wonse udapita kwa amene sadakoke n'komwe. Munthu wopeza phindu chifukwa chakuti mbali ziwiri sizikuonana amadziwika bwino m'matauni, kumene amatchedwa dobadoba: amaima pakhomo la ofesi, amauza wofuna chithandizo kuti popanda iye zinthu siziyenda, amalandira ndalama pa ntchito imene mwini wake akadaichita yekha, ndipo zinthu zikavuta sapezeka, chifukwa alibe chiphaso chimene angalandidwe kapena bungwe limene angakamunenezeko. Nzeru za dobadoba ndi za loya zikhoza kufanana, popeza onse amadziwa njira za m'maofesi ndipo onse ali ndi pakamwa pothwa, koma mmodzi adalumbira ndipo amayankha kwa ena, pamene winayo sayankha kwa aliyense.

Pali ntchito inanso imene ikadamuyenera Kalulu wowongoka mtima, ndiyo ya mlangizi wa zamalamulo amene si loya, wotchedwa paralegal. Ntchito imeneyi idakhazikika m'ndende za Malawi kuyambira mu 2000 kudzera mu Paralegal Advisory Service, ndipo oigwira amayendera ndende, mapolisi ndi makhoti, kufotokozera omangidwa m'chinenero chawo tanthauzo la belo, ndiko kuti kutulutsidwa podikira mlandu, kufufuza abale amene angawaimire ngati mboni za belo, ndi kukumbutsa akuluakulu za anthu amene akhalitsa pa rimandi osazengedwa. Ntchitoyi imafuna miyendo yopepuka, makutu akuthwa ndi luso lolankhula ndi wamkulu popanda kumuopa kapena kumunyoza, ndipo zonsezi Kalulu ali nazo.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHITATU: KAMBA PACHITSIME

WOKAMBA: Nthano ya chitsime imayamba ndi chilala, pamene nyama zonse zidagwirizana kukumba pofuna madzi, Kalulu yekha n'kukana, ndipo madzi atapezeka zidapangana kuti wokana kukumba asamwe. Zidaika mlonda, koma Kalulu ankabwera ndi chikho cha uchi, n'kumulawitsa mlondayo pang'ono, n'kumuuza kuti wofuna kudya wambiri ayenera kuyamba wamangidwa manja ndi miyendo. Mlonda akalola, Kalulu ankamwa, kutunga, ngakhale kusamba m'chitsimemo, n'kusiya madzi ali ovunduka. Nyama zikuluzikulu zidalephera motsatizana, mpaka Kamba, amene onse ankamuderera, adadzipereka. Iye adadzipaka ulimbo pamsana, adakhala chete m'mphepete mwa madzi ngati mwala, ndipo Kalulu atamuponda adakanirira, n'kugwidwa.

Chofunika kuona ndi chakuti alonda oyamba aja adagonja chifukwa cha uchi, mphamvu ali nazo, ndipo uchiwo m'moyo weniweni umatchedwa chiphuphu, ndiko kuti mphatso yoperekedwa kwa wosunga chinthu cha anthu onse kuti atsinzine. Kamba adapambana chifukwa sadalowe n'komwe m'zokambirana ndi wakubayo, ndiponso chifukwa adakonza njira yakuti wolakwa agwidwe ndi zochita zake zomwe, umboni uli pathupi. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito zimene zikadamuyenera Kamba ndi zimene zimalipira kudekha kotere.

Yoyamba ili pamjigo wa m'mudzi. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'Malawi ndi m'mayiko ena a mu Africa, idayambira m'dziko muno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, pamene inkatchedwa Maldev, ndipo idakonzedwanso ku Kenya. Cholinga cha oipanga chidali chakuti anthu a m'mudzi azitha kuisamalira okha ndi zipangizo zochepa, osadikira amisiri ochokera kuboma. Pa chifukwa chimenechi mjigo umakhala ndi komiti yake, imene imatolera zopereka za mabanja, imagula marabala ndi tizitsulo tina timene timatha msanga, imasesa pamalopo, ndipo imaitana mmisiri wa m'dera vuto likakula. Mijigo yambiri imafa chifukwa cha kanthu kotsika mtengo kamene sikadasinthidwe pa nthawi yake, kapena chifukwa ndalama za komiti zidabwerekedwa ndi wina wapakamwa pokoma n'kusabwezedwa. Msungichuma amene amalemba khobidi lililonse m'kope, amene sabwereketsa ndalama za mjigo ngakhale kwa mlamu wake, ndiye Kamba wa masiku ano, ndipo kulemera kwa ntchito yake kudaoneka pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, pakuti mjigo ukafa anthu amabwerera kumtsinje ndi kuzitsime zosatetezedwa, kumene matendawa amafalira.

Yachiwiri ili m'maofesi a chuma cha boma, ndiyo ya wofufuza mabuku a ndalama, amene ntchito yake ndi kuyerekeza ndalama zimene zidatuluka ndi katundu kapena ntchito imene idalandiridwa, chikalata ndi chikalata. Nkhani ya Cashgate, imene idaululika mu 2013, idaonetsa kuti ndalama za boma zinkalipidwa kwa makampani amene sadapereke katundu aliyense, ndipo kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Alonda a chitsime chimenecho adalipo, koma ena adalawa uchi. Ogwira ntchito ku National Audit Office, imene imaunika mabuku a boma, ndi ku Anti-Corruption Bureau, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1995 lothana ndi ziphuphu, amagwira ntchito ya ulimbo, chifukwa wakuba ndalama za boma amasiya saini, nambala ya cheke ndi tsiku, ndipo wofufuza wodekha amadikira mpaka zimenezi zitamukanirira mwini wake. Kamba akadafunika kuphunzira za kawerengedwe ka chuma zaka zingapo, koma chinthu chimene sukulu siingathe kuphunzitsa mosavuta, ndiko kukana uchi pamene palibe womuona, adali nacho kale.

Nthanoyi ili ndi phunziro linanso kwa olemba anthu ntchito. Nyama zidasankha alonda poyang'ana msinkhu, mano ndi kubangula, ndipo Kamba adapatsidwa mpata pokhapokha ena onse atalephera. Luso la munthu wodekha silioneka pa tsiku la mayeso a pakamwa, pamene wolankhula mothamanga amawala. Limaoneka patapita miyezi, mabuku akapezeka ali olongosoka.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LACHINAYI: NADZIKAMBE NDI UTHENGA WOCHEDWA

WOKAMBA: Nthano yofotokoza chiyambi cha imfa imati Chauta adatuma Nadzikambe, amene ena amamutcha Bilimankhwe, kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye adayenda mwa kayendedwe kake, phazi limodzi kutsogolo n'kuyamba waganiza, ndipo Buluzi, amene adanyamuka pambuyo ndi uthenga wakuti akafa adzaferatu, adafika msanga, anthu n'kulandira mawu akewo. Nadzikambe sadabe, sadaname ndipo sadalandire chiphuphu. Uthenga wake udali wabwino ndipo adausunga bwino. Vuto lidali lakuti adapatsidwa ntchito yosagwirizana ndi chibadwa chake, ndipo ili ndi vuto losiyana ndi la Kalulu, amene ali ndi luso loyenera ntchito koma alibe khalidwe lake.

Ntchito yonyamula uthenga wopulumutsa moyo ilipo lero, ndipo imatchedwa kuchenjeza anthu ngozi isanafike. Madzi osefukira ndi miyala yogumuka m'phiri zitasakaza Phalombe mu 1991, boma lidakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi m'chaka chomwecho, ndipo namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa 600 adatsimikizika kuti amwalira pamene ena oposa 500 adasowa, m'maboma monga Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Ngozi zotere zimaphunzitsa kuti chenjezo limapulumutsa pokhapokha likakhala loona, likafika nthawi ikadalipo, ndiponso likanenedwa m'mawu amene womva angachitepo kanthu, monga kumuuza kumene athawire.

Chenjezo lotere limadutsa m'manja mwa anthu osiyanasiyana. Kuchiyambi kuli oyeza, amene m'malo oyezera nyengo monga Chileka, Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka amawerenga kuchuluka kwa mvula, kutentha ndi mphepo tsiku lililonse pa ola lomwelo, pamodzi ndi anthu a kumtunda kwa mitsinje amene amayang'anira zoyezera kukwera kwa madzi. Kumapeto kuli ofalitsa, ndiwo aulutsi a pawailesi, otumiza mauthenga a pafoni ndi makomiti a m'midzi amene amayenda ndi zokuzira mawu ndi mawenzulo. Nadzikambe weniweni ali ndi maso amene lililonse limatembenuka palokha, ndipo amatha kukhala panthambi nthawi yaitali osagwedezeka mpaka ataona chimene akufuna. Malo ake ali kuchiyambi, pakati pa oyeza, kumene kufulumira kumabala manambala olakwika. Miyendo ya Buluzi ikufunika kumapeto, malinga uthenga umene wanyamula ukhale wochokera kwa woyeza wosamala. Mudzi umene ungaike aliyense wa awiriwa pamalo pake ungalandire uthenga woona pa nthawi yake, chimene anthu a m'nthano ija adachisowa.

(NYIMBO YAIFUPI)

GAWO LOMALIZA: NTCHITO YA M'KALASI NDI PAKHOMO

WOKAMBA: Ana ambiri akafunsidwa ntchito imene akufuna amatchula udokotala, unamwino, uphunzitsi kapena usilikali, chifukwa ndizo ntchito zimene amaziona ndi maso, ndipo kawirikawiri amatchula dzina la ntchito asanadziwe zimene woigwira amachita kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mphunzitsi kapena kholo limene lingayambire pa nthano limapeza njira yofewa yolowera m'nkhani yovutayi, popeza mwana amene angachite manyazi kunena zofooka zake sachita manyazi kunena zofooka za Kalulu, ndipo akamaliza kumuyeza Kalulu amakhala ataphunzira muyeso umene angadziyezere yekha.

Mafunso oyenera kufunsa pa mpangankhani aliyense ndi anayi. Kodi amatha chiyani chimene ena m'nthanomo sangathe? Kodi ndi ntchito iti yeniyeni imene imafuna luso limenelo, ndipo woigwira amaphunzira kuti, kwa zaka zingati? Kodi woigwira amayankha kwa yani, ndipo akalakwa amalangidwa bwanji? Kodi ndi khalidwe liti la mpangankhaniyo limene likadamuchotsetsa ntchito? Funso lachiwiri limatuma ophunzira kukafunsa anthu enieni a m'dera lawo, monga mlangizi wa zaumoyo, mlangizi wa zaulimi, kalaliki wa kukhoti kapena mmisiri wa mijigo, ndipo lachitatu ndi lachinayi amawaphunzitsa kuti kuchenjera kumene kulibe woyankhako kumasanduka kuba, ngakhale wochenjerayo atakhala ndi madigiri. Dziko limene lidataya K24 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi silidasowe anthu ochenjera. Likufunika ana ochuluka amene adzakula akudziwa kuti ntchito ndi lonjezo kwa anthu ena, ndipo phunziro limeneli likhoza kuyamba mwana asanafike sitandade 5.

WOLENGEZA: Omvera akusiyiridwa mpangankhani mmodzi kuti amuyeze okha ndi mafunso anayi aja, ndiye Fisi, amene nthano zimamunena kuti ndi wadyera ndi wamantha, koma amene ali ndi mphuno yakuthwa, nsagwada zophwanya mafupa ndi chizolowezi chogwira ntchito usiku pamene ena ali m'tulo. Aphunzitsi akupemphedwa kuti ophunzira awo apeze ntchito imodzi imene ikadamuyenera ndi ina imene sakadayenera kupatsidwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo pa yankho lililonse apereke chifukwa chochokera m'nthano ndi china chochokera kwa munthu amene amaigwiradi ntchitoyo. Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)